Nyali za ku Lulimile ndi Muyeso wa Kuwala Kwake

Mzinda wa Lichinga unakhala pamtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5:30 madzulo. Likangolowa chisanu chimatsika nthawi yomweyo, anthu n'kuthawira m'nyumba. Ku Lulimile, lomwe ndi limodzi mwa madera anayi a mzindawu pamodzi ndi Sanjala, Chiuaula ndi Massenger, papita maola ambiri ndithu kuchokera pamene dzuwa lalowa kufika pamene anthu akugona, ndipo m'maola amenewo muli kuphika, kudya, kusankha nyemba, kuwerengera ndalama za geni ndi kulemba ntchito ya kusukulu. Zonsezi zimafuna kuwala. Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka pafupifupi 100 anthu kuno akhala akudziwa bwino lomwe chimene nyali imadya, mpaka kadontho komaliza ka palafini, pamene chimene nyaliyo imatulutsa ankangochiyeza ndi maso.

Palafini asanabwere, nyali ya m'nyumba unali moto wa pamafuwa womwewo. Wofuna kutuluka panja usiku ankazula udzu, kuumanga kamtolo n'kuyatsa muuni, ndipo muuniwo unkafika pankhokwe kapena pakhola utatsala pang'ono kumuwotcha zala. Ena ankatunga nsatsi zosenda pa kamtengo kosongoka n'kuyatsa ya pamwamba. Ikapsa, moto unkatsikira pa inzake, ndipo nsatsi zikatha nthawi yocheza yathanso. Nyali yaikulu unali mwezi. Magule, masewera a ana ndi maulendo a usiku ankadikira kuti mwezi ukhwime. Muyeso wa kuwala unali ntchito imene kuwalako kungakulole kugwira: ngati mayi akutha kuona kamwala mu nyemba, ngati gogo angalowetse ulusi pa singano, ngati mlendo amene waima pakhomo akuzindikirika nkhope. Muyeso umenewu sitiyenera kuuseka. Akatswiri a masiku ano akamakhazikitsa malamulo a kuwala kwa m'kalasi kapena m'chipatala amayambira pomwepo, pa ntchito imene diso likuyenera kugwira.

Boma la Apwitikizi linakhazikitsa tauniyi mu 1931, patangopita zaka ziwiri kuchokera pamene ulamuliro wa kampani ya Companhia do Niassa unatha mu 1929, ndipo anaitcha Vila Cabral. Ndi tauni kunabwera makantini, ndi makantini kunabwera palafini, machesi ndi zitini. Njanji yochokera ku Cuamba inafika mu 1969, katundu wa kudoko la Nacala n'kuyamba kufika mosavutirapo. Nyali ya munthu wamba inakhala koloboyi. Mmisiri ankatenga kachitini ka mkaka kapena kabotolo ka mankhwala, kuboola chivundikiro, kulowetsapo kapaipi kopinda ndi lata, n'kudutsitsamo kansanza ka thonje. Ukakoka chingwecho kuti chitalike, lawi limakula koma limayamba kufuka, ndipo m'mawa ana amadzuka mphuno zili bii ndi mwaye. Ukachibweza, utsi umachepa koma zilembo za m'buku zimasowa. Luso lonse la koloboyi linali kupeza pakati pa ziwirizi.

Palafiniyo ankamuyeza mosamala kwambiri. Wogulitsa anali ndi botolo lake, theka la botolo, ndi kachitsekerero ka anthu amene ndalama yawachepera. Mayi aliyense ankadziwa kuti muyeso wakutiwakuti ufika masiku angati, ndipo mwana wosiya nyali ikuyaka m'chipinda mopanda munthu ankalandira mawu. Chiwerengero chinalipo, koma chinali cha mafuta.

Amene anali ndi kangachepe ankagula nyali ya galasi, yosazima ndi mphepo. Pamwamba pa zonse panali nyali yopopa, Petromax ya ku Germany kapena Tilley ya ku England, imene inkayatsidwa m'masitolo, ku mishoni ndi pa maukwati. Imeneyi sinkawala ndi lawi ayi. Palafini wopopedwa ankasanduka nthunzi n'kutenthetsa kansalu kopyapyala mpaka kuyera mbee, ndipo kansaluko kakapsa kamodzi kankafewa moti kungokagunda pang'ono kankayoyoka. Mtundu wotchuka wa Petromax uli ndi nambala yakuti HK 500. Nambala imeneyi ndi imodzi mwa miyeso yoyamba ya kuwala kwenikweni imene inafika m'manja mwa anthu wamba kuno, ngakhale ochepa okha ndiwo ankaifunsa. Inkalonjeza kuti nyaliyo iwala mofanana ndi tinyali 500 ta Hefner, ndipo kuti tidziwe tinyali timeneti tiyenera kupita ku Ulaya, kumene mkangano wa kuyeza kuwala unayambira.

Unayamba chifukwa cha ndalama. M'zaka za m'ma 1800 makampani ankagulitsa gasi wowunikira m'misewu ndi m'nyumba za ku London, ndipo ogula ankadandaula kuti akulipira zambiri pa gasi wowala mofooka. Lamulo la mu 1860 linati kuwala kwa gasi kuziyerekezedwa ndi kandulo yapadera, yopangidwa ndi phula lochokera m'mutu mwa namgumi, yopsa magalamu pafupifupi 7.8 pa ola. Afalansa anali ndi nyali yawo ya Carcel, yoyaka mafuta a mbewu, magalamu 42 pa ola. Ajeremani anatenga kanyali kamene Friedrich von Hefner-Alteneck anakonza mu 1884, ka lawi lotalika mamilimita 40 ndendende. Taonani kuti nawonso akatswiriwa anayambira pa chimene nyali imadya. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anasankha nyali imodzi kuti ikhale sikelo, zina zonse zizipimidwa ndi iyo.

Kapimidwe kake kanali kosavuta moti mwana wa sekondale ku Lulimile angakachite usiku uno. Robert Bunsen, katswiri wa ku Germany, anagwiritsa ntchito pepala loyera lodonthezedwa mafuta pakati. Pepalalo ukaliimika pakati pa nyali ziwiri, dontho la mafutalo limaoneka lakuda ukamayang'ana kuchokera mbali yowala kwambiri, ndipo limaoneka lowala ukayang'ana kuchokera mbali inayo. Umasuntha pepalalo pang'onopang'ono mpaka dontholo litangotsala pang'ono kusowa. Pamenepo ndiye kuti mbali zonse ziwiri zikulandira kuwala kofanana, ndipo chotsala n'kuyeza mitunda ndi tepi. Lamulo lake n'lakuti mtunda ukawirikiza kawiri kuwala kofika papepala kumachepa kanayi, ukawirikiza katatu kumachepa ka 9. Choncho ngati kandulo ili mita imodzi kuchokera papepala, tochi ili mamita atatu, ndipo dontho lasowa, tochiyo ikuponya kuwala kwa makandulo 9 kumbali imeneyo.

Vuto linali lawi. Lawi limasintha ndi chinyezi, ndi mpweya umene anthu apumira m'chipindamo, komanso ndi kulemera kwa mpweya wa pamalopo. Kanyali ka Hefner komweko kakanayatsidwa ku Pemba m'mphepete mwa nyanja, kenako ku Lichinga pamtunda pano pamene mpweya ndi wopepukirapo, sikakanawala mofanana. N'chifukwa chake mayiko anayamba kusiya malawi. Mu 1909 Britain, France ndi America anagwirizana pa kandulo imodzi yosungidwa m'mababu a magetsi. Mu 1948 panabwera muyeso wa candela, wochokera pa kuwala kwa chitsulo cha platinamu chosungunuka chikamayamba kuuma. Mu 1979 anausinthanso, n'kuumangirira pa mphamvu ya kuwala kobiriwira motuwira ku chikasu, mtundu umene diso la munthu limaumva kwambiri masana. Apa pali chinthu chimene chimandisangalatsa: pa miyeso isanu ndi iwiri ikuluikulu ya sayansi, monga mita, kilogalamu ndi sekondi, candela yokha ndiyo inakonzedwa motsatira thupi la munthu. Kutentha kochokera mu mbaula kungakhale ndi mphamvu zambiri, koma ngati diso silikuona, pa sikelo ya kuwala sikuwerengedwa.

Lero pali miyeso itatu imene imasokoneza anthu. Candela imanena za kuwala kolunjika mbali imodzi. Lumen imanena za kuwala konse kumene nyali ikutulutsa mbali zonse pamodzi. Lux imanena za kuwala kumene kwafika pamalo, kaya patebulo kaya pa tsamba la buku. Kandulo wamba ili ndi candela pafupifupi imodzi, imatulutsa ma lumen pafupifupi 12, ndipo buku loikidwa mita imodzi kuchokera pa iyo limalandira lux imodzi. Mwezi wathunthu sufika ngakhale theka la lux. Dzuwa la masana lingafike ma lux 100,000. Malamulo a zomangamanga m'mayiko ambiri amafuna ma lux 300 kapena kuposerapo pa desiki ya m'kalasi.

Tsopano tibwerere kwa koloboyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Evan Mills wa ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku America anapima nyali za palafini zimene anthu osauka amagwiritsa ntchito m'mayiko osiyanasiyana. Nyali ya chingwe yopanda galasi imatulutsa ma lumen a m'ma 10, ya galasi makumi angapo, pamene babu lakale la mawati 60 limaposa 700. Mwana wowerenga ndi koloboyi akasendeza buku kufika masentimita 30 kuchokera pa lawi amapeza ma lux a m'ma 10 basi. Ndiye chifukwa chake ankawerama mpaka tsitsi kununkha kupsa. Sanaphunzire lamulo la mitunda lija, koma khosi lake linkalitsatira usiku uliwonse. Ndipo mukawerengetsa ndalama zimene banja linkalipira pa lumen iliyonse, mupeza kuti wa koloboyi ankagula kuwala modula kwambiri kuposa bwana wa nyumba ya magetsi.

Anthu amene ankadziwa kupima nyali mwa ukatswiri, popanda chipangizo chilichonse, anali asodzi. Kutsika kuchokera ku Lichinga kupita ku Meponda kapena ku Metangula, usiku wopanda mwezi nyanja imadzaza ndi timiuni ta opha usipa. Siginala amakhala m'bwato ndi nyali zake kukopa nsomba kuti zisonkhane, anzake n'kuzungulira ndi chilimila. Kwa iye nyali yofooka ndi njala. Amadziwa kuti yapopedwa mokwanira pomva kulira kwake, amadziwa kansalu kotopa poona mtundu wa kuwala, ndipo amadziwa kuti mwezi ukakhwima nyali zake zilibe mphamvu, chifukwa nyanja yonse yawala ndipo usipa ulibe chifukwa chothamangira kwa iye. Masiku ano ambiri anasiya nyali zopopa n'kutenga mababu a LED oyendera batire, ndipo mkangano wa pa doko wakhala wa kuchuluka kwa mababu amene bwato limodzi likunyamula.

Magetsi anachedwa kufika kwa anthu wamba. Dziko litalandira ufulu mu 1975 tauniyi inatchedwa Lichinga, ndipo mu 1977 boma linakhazikitsa kampani ya Electricidade de Moçambique, EDM. Damu la Cahora Bassa ku Tete linali litamangidwa kale, la mphamvu yoposa mamegawati 2,000, koma mawaya ake akuluakulu ankalowera ku South Africa. Lichinga inkadalira majenereta a dizilo, kuphatikizapo kamalo kopangira magetsi ndi madzi kamene kanamangidwa m'zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi dziko la Norway, kosafika ngakhale megawati imodzi. Megawati yathunthu imayatsa mababu a mawati 60 osakwana 17,000, osawerengera chipatala, zigayo ndi mapampu a madzi. Nkhondo ya pachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inadula njanji ndi misewu, mafuta n'kumasowa, kwinaku anthu othawa kumidzi akudzaza m'madera a m'mbali mwa mzinda. M'nyumba zambiri muuni wa udzu ndi moto wa pamafuwa zinabwereranso pa ntchito yawo yakale. Mawaya a makilovoti 110 ochokera ku Gurué kudzera ku Cuamba anafika cha m'ma 2005, ndipo kalembera wa 2007 anapeza kuti mzindawu uli ndi anthu oposa 140,000.

Ndi magetsi kunabwera muyeso watsopano, wati. Munthu ankalowa m'sitolo n'kunena kuti akufuna babu la 40 la kuchipinda, la 60 la pabalaza, la 100 la panja. Aliyense ankamva ngati akutchula kuwala, chonsecho wati ndi muyeso wa magetsi amene babu likudya. Kuli ngati kuyeza mphamvu za waganyu powerenga mitanda ya nsima imene wadya, osapita kumunda kukaona mizere imene walima. Njirayi inkagwirabe ntchito chifukwa mababu onse anali a mtundu umodzi, a kawaya kofiira ndi moto, ndipo onse ankawononga mofanana: magetsi oposa 90 pa 100 alionse ankasanduka kutentha. Lodya zambiri linkawaladi kwambiri.

Komabe nambala ya pababu inali yoona pokhapokha magetsi akafika okwanira. Babu la kawaya silipirira kuchepa kwa mphamvu. Mavoti akatsika ndi 10 pa 100, kuwala kumatsika ndi pafupifupi 30 pa 100. Aliyense amene anakhalapo kumapeto kwa waya wautali amaidziwa nthawi ija ya chakudya chamadzulo, nyumba zonse zikayatsa, pamene babu la 100 limafiira n'kumaoneka kawaya kake kali psuu.

Zinthu ziwiri zinathetsa ufumu wa wati. Choyamba ndi mita yolipiriratu ya Credelec, imene inachititsa kuti banja lizionera ndi maso mayunitsi akutsika. Babu la mawati 60 loyaka maola asanu tsiku lililonse limatha mayunitsi 9 pa masiku 30. Chachiwiri ndi LED. Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha LED ya buluu, imene inatsegula njira ya kuwala koyera. Babu labwino la LED la mawati 9 limatulutsa ma lumen a m'ma 800, ndipo pa maola omwewo silitha ngakhale yunitsi imodzi ndi theka. Kumene mawaya sanafike, matochi otchipa a mabatire ndi timasola tinathamangitsa koloboyi mofulumira kuposa mmene aliyense ankaganizira. Ichi n'chabwino, ndipo wosowa utsi wa palafini sindinamuone.

Koma wogula anatsala wopanda sikelo. Mababu awiri a LED olembedwa mawati ofanana angasiyane kuwala kwambiri, ndipo pa katoni wopanga angalembe chimene wafuna. Pitani pa benchi ya wogulitsa zamagetsi pamsika uliwonse wa kuno. Pali thabwa lokhomedwa soketi, waya wake wolumikizidwa ku batire kapena ku shopu yoyandikana nayo. Mayi akaloza babu, mnyamata amalitulutsa m'katoni, kulilowetsa, kulipotoza, n'kulozetsa kumaso kwa wogula.

"Mwaona mayi? Ili ndi lowala zedi, ndipo silidya mayunitsi."

"Nanga lija la dzana linathera chiyani msanga, achimwene?"

"Limene lija linali la kampani ina. Tengani ili."

Mayesowa amangosonyeza kuti babu ndi lamoyo. Masana dzuwa lili phwee, diso silingasiyanitse ma lumen 400 ndi 800. Komanso LED imatulutsa kuwala kuchokera pa kadontho kakang'ono, motero imathobwa m'maso ngakhale ili yofooka, ndipo yoyera motuwira ku buluu imanyenga diso kuti ndi yamphamvu kuposa yachikasu. Tochi nayo ili ndi chinyengo chake. Imasonkhanitsa kuwala kochepa n'kukuponya malo amodzi, ma candela n'kuchuluka, koma mukaikoleka kudenga kuti iunikire chipinda mumapeza bwalo limodzi lowala patebulo, kwina konse kuli mdima. Chinanso chimene sichioneka pa benchi ndi mawa. LED yopangidwa mosasamala imatentha mkati n'kumafooka mwezi ndi mwezi, ndipo kasola kamene kanawala bwino pa ola loyamba kangakhale katazilala pofika ola lachitatu.

Kupima koona kwa ma lumen kumafuna chipangizo chimene Richard Ulbricht wa ku Dresden anafotokoza mu 1900: chimpira chachikulu chopanda kanthu mkati, chopakidwa utoto woyera. Babu amaliika pakati, kuwala kumagundagunda m'makoma mpaka kufalikira mofanana, ndipo kachipangizo ka pa kabowo kamawerenga kuchuluka kwake. Zoterezi zimapezeka m'malabotale okha. Mu 2007 World Bank ndi IFC anayambitsa ntchito ya Lighting Africa, ndipo gawo lina la ntchitoyo linali kutenga nyali za sola, kuzipima, n'kuona ngati kuwala ndi maola olembedwa pa katoni ndi oona. Ntchito yotsimikizira imeneyi ikupitirira pansi pa dzina la VeraSol. Ku Mozambique nkhani za miyeso ndi ubwino wa katundu zili m'manja mwa bungwe la INNOQ, limene likulu lake lili ku Maputo. Kuchokera kumeneko kufika pa benchi ya ku Lulimile ndi ulendo wautali, ndipo katundu wambiri wa pamsika amafika m'zikwama za ageni osadutsa pa chimpira cha wina aliyense.

Boma linakhazikitsa pulogalamu ya Energia para Todos mu 2018, cholinga chake n'chakuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. Chimene chimalengezedwa kawirikawiri ndi chiwerengero cha nyumba zolumikizidwa. M'maganizo mwanga muyeso wina wa World Bank, wa mu 2015, umafika pafupi ndi moyo wa m'nyumba. Umati banja liwerengedwe kuti lafika pa sitepe yoyamba ngati likupeza kuwala kochulukitsa ma lumen ndi maola kokwana 1,000 pa tsiku, mwachitsanzo nyali ya ma lumen 250 yoyaka maola anayi. Koloboyi woyaka maola anayi omwewo amapereka 40.

Pakadali pano wogula ali ndi zida ziwiri. Choyamba ndi nambala yotsatiridwa ndi zilembo za lm pa katoni, imene iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mawati. Babu wamba la LED limapereka ma lumen apakati pa 80 ndi 120 pa wati iliyonse, choncho katoni yolonjeza 2,000 pa mawati asanu ndi yofunika kuibweza pa benchi. Chachiwiri ndi foni. Mafoni ambiri amakono ali ndi kadiso kamene kamamva kuwala kuti sikirini isinthe yokha, ndipo pali mapulogalamu amene amaonetsa ma lux kuchokera pamenepo. Nambala yake si yodalirika ngati ya ku labotale, ndipo mafoni awiri angasiyane. Koma foni imodzi, yoikidwa pa tebulo lomwelo usiku, pansi pa soketi yomweyo, imatha kusonyeza kuti pa mababu awiri lowala ndi liti, komanso ngati babu limene munagula mu Janyuwale likuwalabe chimodzimodzi pofika Juni.